Mbusa Andrew Charles Murray wa ku Mvera: Munthu Amene Anabwerera pa Khomo la Manda

Mau owerenga: Yohane 11:17-44 ndi 2 Akorinto 1:8-11
Vesi loloweza: 1 Atesalonika 4:14
Cholinga: Kuthandiza aphunzitsi kuti adziwe kuyankhula ndi ana za imfa moona mtima, ndi kuwasonyeza kuti Mkhristu amalira maliro koma salira monga wopanda chiyembekezo.

MAU KWA APHUNZITSI

Palibe mphunzitsi wa Sande Sukulu amene angaphunzitse chaka chathunthu osakomana ndi maliro. Lamulungu lina mwana amene amakhala kutsogolo saoneka, ndipo mukafunsa anzake akuuzani kuti amai ake atisiya. Patapita masabata awiri abweranso, mutu wometa, nakhala chete kumbuyo kwa anzake. Ambiri a ife sitidziwa chonena naye, motero tingopitiriza phunziro ngati kuti palibe chachitika. Mwanayo abwerera kwawo ndi mafunso ake onse mumtima.

Phunziro ili lalembedwa kuti litithandize pa nthawi yotere. Tiona moyo wa Mbusa Andrew Charles Murray, mmodzi wa anthu awiri amene anayamba ntchito ya mpingo wathu pa Mvera m'boma la Dowa. Ambiri tidziwa dzina lawo ndi tsiku limene anamanga hema pa Mvera. Koma ochepa adziwa kuti asanaone mapiri a Dowa anatsala pang'ono kuikidwa m'manda kumpoto kwa nyanja. Werengani mbiriyi kawiri kapena katatu kunyumba, kuti pofotokozera ana musadalire pepala.

UBWANA NDI MAITANIDWE

Andrew Charles Murray anabadwa m'chaka cha 1862 ku South Africa, nakulira m'tauni ya Graaff-Reinet, kumene atate awo, Mbusa Charles Murray, anali kuweta mpingo wa Dutch Reformed. Agogo awo anachokera ku Scotland m'chaka cha 1822. Atate awo aakulu anali Mbusa Andrew Murray, wolemba mabuku ambiri a za pemphero. Ataphunzira za ubusa ku Stellenbosch, mnyamatayu anadzipereka kuti akalalike kumene Uthenga Wabwino unali usanafike. M'chaka cha 1886 abusa ena a mpingowo anapanga bungwe lawo, nalonjeza kusonkha ndalama za m'matumba mwawo kuti atumize mmishoni. Woyamba kutumidwa anali iwowa. Asananyamuke anapita ku Edinburgh kukaphunzirako pang'ono za mankhwala, ndi kukaonana ndi akuluakulu a mishoni ya Livingstonia.

Tisaganize kuti ananyamuka osadziwa chimene chinali kuwadikira. Mbiri ya manda a ku Cape Maclear inali itamveka kale. Amishoni a Livingstonia anafika kumeneko mu 1875, ndipo pochokapo mu 1881 anasiya manda asanu, wobatizidwa ali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Pakati pa ogona m'mandamo panali Dr William Black ndi Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachikuda wochokera ku Lovedale, amene onse awiri anamwalira mu 1877. William Koyi, mnzake wa Mngunana, anamwalira pa Njuyu pakati pa Angoni a kumpoto mu 1886.

Chimene chinali kuwatha anthuwa makamaka anali malungo. Masiku amenewo anthu ankayesa kuti malungo achokera mu mpweya woipa wa m'madambo. Panalibe wodziwa kuti udzudzu ndiwo ufalitsa nthendayi, kufikira Dr Ronald Ross anazipeza mu 1897. Mankhwala anali kwinini basi. Wopita ku nyanja ya Nyasa ankatsazikana ndi abale ake podziwa kuti kapena sadzaonananso pansi pano.

PA KHOMO LA MANDA

Mbusa Murray anafika ku Bandawe, kwa Dr Robert Laws, m'chaka cha 1888. Anapitirira kumpoto kwa nyanja, ku dziko la Ankhonde, kukafuna malo oyambirapo ntchito. Inali nthawi yoipa, pakuti ku Karonga kunali nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogula ndi kugulitsa akapolo. Kumeneko anakhala pamodzi ndi Mbusa J.A. Bain wa Livingstonia.

Asanapeze malo, asanabatize munthu ndi mmodzi yemwe, anagwidwa ndi nthenda yaikulu. Anadwala kufikira kukomoka, ndipo amene anali kuwadwazika anataya mtima, nayesa kuti kwatsala n'kutsirizika. Taganizani: mnyamata wa zaka 26, amene abusa ambiri anamusonkhera ndalama ndi kumupempherera, agona pa mphasa kutali ndi kwawo, ntchito imene anadzera isanayambe n'komwe. Pa maso a anthu ulendo wonse unali utapita pachabe.

Koma Mulungu anawadzutsa. Anabwerera ku Bandawe ali ofooka, nakwera ku mapiri a Njuyu, kwa Dr Elmslie, kuti akapezenso mphamvu. Munthu wina akadati pamenepa ndaona, ndibwerere kwathu, ndipo palibe akadamudzudzula. Iwo anakhala. Ndipo m'chaka chotsatira, 1889, Mbusa Bain, mnzawo uja anali wamphamvu pamene iwo anali gone, anamwalira ku Bandawe. Amene anthu anamutayira mtima anakhala ndi moyo zaka zina zoposa 40. Amene anaima pambali pa mphasa yake ndiye anatsogola.

Apa aphunzitsi aime ndi kuwerenga 2 Akorinto 1:8-11. Paulo afotokoza kuti ku Asiya anapsinjika kufikira anataya chiyembekezo cha moyo wake, ndipo anazindikira kuti izi zinachitika kuti aleke kudzidalira yekha, nadalire Mulungu woukitsa akufa. Mbusa Murray analowa sukulu yomweyi asanalalike kwa makolo athu.

MVERA

Mu 1889 kunafika mnzawo wa ntchito, Mbusa T.C.B. Vlok. Awiriwa anayenda pansi ulendo wautali kufikira m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni m'mapiri a Dowa, amene anawalola kukhala m'dziko lake. Pa 28 November 1889 anakhazikika pa Mvera. Ili ndilo tsiku limene Sinodi ya Nkhoma iwerengerapo chiyambi chake.

Kodi anapeza dziko lotani? Imfa inali pafupi ndi munthu aliyense. Nkhondo za Angoni zinali zitathamangitsira Achewa ambiri m'malinga ndi pamwamba pa mapiri. Nkhalango ya phiri la Ntchisi inali pothawirapo anthu. Ku Nkhotakota, kwa Jumbe, kunali dooko lowolotsera akapolo. Nthomba ndi malungo zinali kutenga ana ambiri asanayambe kuyenda.

Koma choopsa koposa chinali ichi, kuti imfa imodzi inkabala imfa zina. Makolo athu ankakhulupirira kuti imfa ya Mulungu ndi ya nkhalamba yokha. Mwana kapena munthu wa mphamvu zake akamwalira, ndiye kuti alipo wamulodza. Pamenepo ankaombeza, ndipo oganiziridwa ankamwetsedwa mwabvi. Wosanza ankayesedwa wosalakwa. Wakufa nawo ankatchedwa mfiti, ndipo mtembo wake sunkalandira ulemu wa maliro. Abale ankachezera ku manda usiku kuopa kuti afiti angafukule mtembo. Motero namfedwa analibe mpata wolira mwa mtendere, pakuti chisoni chake chinasanganikirana ndi mantha, kukayikirana ndi kulipsira. Amishoni anatsutsa mwabvi kuyambira pachiyambi, ndipo boma linauletsa ndi lamulo mu 1911.

Tisanene kuti makolo athu analibe chabwino chilichonse pa maliro. Anadziwa kuti munthu akamwalira sanatheretu. Anadziwa kuti maliro n'kulirana: mudzi wonse unkaleka ntchito, adzukulu ankakumba manda, akazi ankabwera ndi ufa ndi nkhuni, ndipo namfedwa sankagona yekha. Zimenezi Uthenga Wabwino sunadzere kuzichotsa. Chimene chinasowa chinali mbiri ya Munthu amene analowa m'manda natulukamo, ndi kuti iye amene ali m'manja mwake sangalandidwe ndi mfiti kapena mzimu uliwonse. Uwu ndi uthenga umene Mbusa Murray anadza nawo. Anayamba sukulu, napereka mankhwala kwa odwala monga anaphunzirira, nalalika m'midzi. Ndipo wolalikayo sanali kunena za imfa monga nkhani yongomva, pakuti anali atasuzumira yekha m'dzenjemo.

MISOZI PAKATI PA ANTCHITO

Ntchito inakula. Robert Blake anayamba Kongwe mu 1894, ndipo chaka chomwecho kunafika Mbusa William Murray, mbale wawo wa Mbusa A.C. Murray, mwana wa atate awo ena. Koma imfa sinaleke kuzungulira kagulu aka. Tsiku lina Mbusa A.C. Murray anagwidwa ndi kambuku, nabvulala koopsa. Kachiwiri anapulumuka.

Chisoni chachikulu chinagwera mnzawo woyamba naye ntchito. Mishoni ya Livingstonia inapereka malo a Livulezi, m'boma la Ntcheu, kwa amishoni a ku Mvera, ndipo Mbusa Vlok anatumidwa kumeneko. Malowa anali m'chigwa cha malungo, ndipo panali kale manda a Dr George Henry, amene anamwalira mu 1893. Mu 1896 Mai Vlok anamwalira pomwepo. Mwamuna amene anaphunzitsa ena za kuuka kwa akufa anayenera tsopano kuima pa manda a mkazi wake wa iye mwini.

Chaka chomwecho, pa 28 May 1896, Mbusa Vlok anamanga hema patsinde pa phiri la Nkhoma, m'dziko la mfumu Mazengera. Likulu la Sinodi yathu linayambidwa ndi munthu amene misozi yake inali isanaume. Pambuyo pake, mu 1912, anapita ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, kukaweta anthu a kwathu kuno amene anapita kukagwira ntchito, ambiri a iwo amene anafera konko osaonanso mudzi wawo.

Tikumbukirenso kuti manda a amishoni ali ndi miyala yolembedwa maina, koma alipo atengatenga, aphunzitsi a m'midzi ndi akazi awo amene anafera m'ntchito yomweyi, ndipo manda awo palibe angawaloze lero. Maina awo adziwika kwa Mulungu.

ZAKA ZOTSIRIZA

Pamene zaka za m'ma 1900 zinali kuyamba, Mbusa Murray anachoka ku Mvera chifukwa cha kudwaladwala kwa Mai Murray, nasiya utsogoleri m'manja mwa Mbusa William Murray. Kusiya ntchito imene munthu anaikonda ndi mtima wonse ndi maliro a mtundu wina. Koma sanaiwale dziko lino. Kuyambira mu 1910 anatumikira ngati mlembi wa ntchito za mishoni mu mpingo wawo ku Cape, nalimbikitsa ena kubwera kuno.

Mulungu anawalola kumva zipatso za ntchito. Buku Lopatulika linasindikizidwa lathunthu mu 1922. Mu 1925 Namon Katengeza ndi Andreya Namkumba anadzozedwa kukhala abusa oyamba a kuno kwathu, ndipo mu 1926 Presbiterio ya Nkhoma inalowa mu CCAP. Mipingo inafalikira m'mapiri onse a Dowa, mpaka ku Chinthembwe m'boma la Ntchisi. Mu 1931 anatulutsa buku la mbiri ya ntchitoyi, lochedwa Ons Nyasa-akker, ndiko kunena kuti munda wathu wa ku Nyasa. Dzinali n'loyenera, pakuti m'munda mbewu iyenera kukwiriridwa isanamere, monga Ambuye aphunzitsa pa Yohane 12:24, ndi Paulo pa 1 Akorinto 15:42-44. Mbusa Murray anamwalira m'chaka cha 1936. Mbusa Vlok anamwaliranso chaka chomwecho.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

1. Kulira si tchimo. Pa manda a Lazaro Ambuye Yesu analira, angakhale anadziwa kuti amuukitsa posachedwa. Paulo saletsa Atesalonika kulira. Aletsa kulira kopanda chiyembekezo. Tisauze namfedwa kuti misozi yake isonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro.

2. Mkhristu ali ndi mwini wake, pa moyo ndi pa imfa pomwe. Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa mu 1563, ayamba ndi funso la chitonthozo chathu pa moyo ndi pa imfa, nayankha kuti sitili a ife tokha, koma thupi ndi mzimu tili ake a Yesu Khristu amene anatigula ndi mwazi wake. Funso la 42 lifunsa chifukwa chake timafabe pamene Khristu anatifera kale. Yankho lake n'lakuti imfa yathu silipo la machimo athu, koma ndiyo kulekana nawo machimo ndi kulowa m'moyo wosatha.

3. Masiku athu ali m'manja mwa Mulungu, ndipo sitidziwa zifukwa zake zonse. Chifukwa ninji Bain anamwalira ndipo Murray anachira? Chifukwa ninji Mai Vlok anatengedwa? Sikuti wina anali wolungama kuposa mnzake. Mwana akakufunsani funso lotere, musachite manyazi kubvomera kuti yankho lili ndi Mulungu. Onani mmene Ambuye anayankhira Petro pa Yohane 21:20-22.

4. Imfa imodzi isabale ina. Mwabvi unaletsedwa kale, koma mtima wofuna munthu woti timuloze chala ukalipobe. Kufikira lero timamva za agogo okalamba amene amenyedwa kapena kupirikitsidwa pamudzi powaganizira ufiti maliro akachitika. Mkhristu asakhale nawo m'gulu lotere, ndipo ana a Sande Sukulu amve zimenezi kwa ife akali aang'ono. Wodwala timutengere ku chipatala msanga, ndipo tigone m'masikito, pakuti chimene amishoni oyamba sanachidziwe za udzudzu ife tachidziwa.

5. Moyo umene tili nawo ndi wobwereka. Mbusa Murray atachira sanathawe, koma anagwira ntchito ndi masiku amene anaonjezeredwa. Werengani Salmo 90:12.

KAPHUNZITSIDWE

Kwa ana aang'ono, fotokozani mbali ziwiri zokha: kudwala kwa Mbusa Murray ndi kuchira kwawo, ndiponso Yesu pa manda a Lazaro. Kwa ana okulirapo onjezani za Mbusa Bain, za mwabvi ndi za Mbusa Vlok. Ngati mpingo wanu uli pafupi ndi Mvera, Kongwe kapena Nkhoma, pemphani mkulu wa mpingo kuti tsiku lina aperekeze ana kukaona manda akale a pa mishoni.

Musanaphunzitse, fufuzani ngati m'kalasi mwanu muli mwana wofedwa posachedwa. Ngati alimo, musamuchule dzina pamaso pa anzake, ndipo musamukakamize kuyankha mafunso. Muyankhule naye payekha mutaweruka.

Poyankhula ndi mwana wofedwa nenani zoona, ndi mau ofatsa. Musamuuze kuti amai ake apita ulendo, pakuti adzakhala pa khomo kuwadikira, ndipo akazindikira adzaleka kukukhulupirirani. Mau akuti kugona, amene Baibulo ligwiritsa ntchito, muwamasulire bwino, kuti mwana asayambe kuopa tulo. Muuzeni kuti amai ake amwalira, kuti thupi lawo laikidwa m'manda ndipo silimvanso kuwawa, ndi kuti onse omwalira mwa Khristu ali kwa Ambuye kufikira tsiku la kuuka. Ana ena amaganiza mwa kachetechete kuti imfayo yadza chifukwa iwo sanamvere makolo. Muchotseni mtolo umenewu, mumuuze momveka kuti sanalakwe ndi iye.

Chisoni cha mwana sichitha pa tsiku lometa. Chimayamba kulemera pamene okhuza maliro abalalika. Kamuchezereni kwawo patapita mwezi. Mukaona kuti wasiya sukulu, kapena kuti abale alanda katundu wa masiye, dziwitsani mkulu wa mpingo wa dera lanu ndi amai a Chigwirizano. Yakobo 1:27 atiuza kuti kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo ndiko kupembedza koona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo inu aphunzitsi, ngati mwa inu nokha muli bala la maliro limene silinapole, musabise kwa Mulungu. Mpingo wathu unayambidwa ndi anthu odziwa misozi.

MAFUNSO

1. Kodi Mbusa Murray anadziwa zotani za dziko lino asananyamuke kwawo?
2. Chinawachitikira n'chiyani kumpoto kwa nyanja mu 1888, ndipo anachitanji atachira?
3. Ntchito ya pa Mvera inayamba liti, ndipo m'dziko la mfumu iti?
4. Fotokozani mmene imfa imodzi inkabalira imfa zina masiku akale. Kodi zotere zikuchitikabe kwanu?
5. Chulani miyambo iwiri yabwino ya makolo athu pa maliro imene Akhristu ayenera kuisunga.
6. Yesu analiranji pa manda a Lazaro?
7. Kodi kalasi lanu lingachite chiyani sabata ino kwa mnzanu wofedwa?

PEMPHERO

Tsekani ndi pemphero lalifupi. Yamikani Mulungu chifukwa cha onse amene anabweretsa Uthenga Wabwino m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, odziwika ndi osadziwika omwe. Pemphererani ana amasiye, odwala, ndi okalamba a mumpingo wanu. Pemphani kuti Ambuye Yesu, amene anagonjetsa manda, achotse mantha m'mitima ya ana, ndi kutiphunzitsa ife tonse kulira pamodzi ndi olira.